Kuchulukitsa ndi kugawa: nambala iliyonse pamalo pake

Mwana akalemba kuti 824 ÷ 4 = 26, ambiri timathamangira kunena kuti sadziwa matebulo. Koma tayang'anitsitsani. 4 mu 8 alowamo kawiri, wakhoza. 4 mu 24 alowamo kasanu n'kamodzi, wakhozanso. Matebulo ali nawo m'mutu bwinobwino. Chamuthawa ndi ziro wapakati, pakuti yankho loona ndi 206. Zolakwa zambiri pa samu zochulukitsa ndi zogawa zimachokera pomwepa: mwana sakuona kuti 8 wa mu 824 ndi mahandiredi asanu ndi atatu, ndipo 2 ndi mateni awiri. Mukamukalipira kuti aloweze matebulo mwakonza pomwe sipanawonongeke.

Malangizowa ndi a makolo, aphunzitsi ndi aliyense wothandiza mwana wa Sitandade 3 mpaka 8, komanso a wamkulu amene amawerengera matumba, njerwa kapena ndalama za gulu ndipo akufuna kuleka kudalira mnzake.

Konzani zitsekerero za mabotolo kapena njere za nyemba zokwana 100, kope la masamu la timabokosi, pensulo ndi chofufutira. Dulaninso timapepala tokhala ngati ndalama, tina mulembepo 100, tina 10, tina 1. Tokwana 30 pa mtundu uliwonse tikwanira. Kope la timabokosi musalipeputse. Lamulo lake ndi limodzi: kabokosi kamodzi, nambala imodzi. Mwana wolemba pa pepala lopanda mizere amapendeketsa nambala, mateni n'kulowa pansi pa mahandiredi, samu yonse n'kuwonongeka pamene kuganiza kwake kunali kolondola.

Ayambe waona ndi maso

Kuchulukitsa ndi kuphatikiza milu yofanana. Mayi wogulitsa tomato akaunjika milu 6, mulu uliwonse tomato 4, ali ndi 4 + 4 + 4 + 4 + 4 + 4, ndiye kuti 6 × 4 = 24. Mwana aunjike yekha miluyo ndi zitsekerero, awerenge, kenako alembe. Mawu oti "yofanana" muwagogomeze. Milu ikakhala ya 4, ya 5 ndi ya 3, palibe kuchulukitsa, pamenepo n'kuphatikiza basi.

Kenako ayale zitsekerero m'mizere 3, mzere uliwonse 8. Muuzeni asunthe akaime cham'mbali. Tsopano akuona mizere 8 ya zitatuzitatu, koma palibe chitsekerero chachotsedwa kapena kuwonjezedwa. Waona yekha kuti 3 × 8 ndi 8 × 3 n'chimodzimodzi, ndipo ntchito yoloweza yachepa pafupifupi ndi theka.

Za ziro zimalizireni pomwepa. Ikani mbale 7 zopanda kanthu, mufunse kuti muli mazira angati onse pamodzi. 7 × 0 = 0. Ana ambiri amalemba 7 chifukwa akusokoneza ndi 7 + 0, ndipo kulakwitsa kumeneku kumabisala mpaka kudzatulukira mu samu zazitali.

Matebulo si ambiri monga amaonekera

Kuchokera pa 1 × 1 kufika pa 10 × 10 pali mayankho 100, koma musamupatse mwana onse nthawi imodzi, ndipo musatsate ndondomeko ya 2, 3, 4, 5 mpaka 10. Yambani ndi tebulo la 1 ndi la 10, kenako la 2 ndi la 5, awa salimba. La 4 ndi kuwirikiza kawiri n'kuwirikizanso: pa 4 × 7, nenani 14, kenako 28. La 3 ndi kuwirikiza kawiri n'kuwonjezapo kamodzi: 3 × 8 ndi 16 kuphatikiza 8, 24. La 9 ndi la 10 kuchotsapo kamodzi: 9 × 6 ndi 60 kuchotsa 6, 54. Pa tebulo la 9 pali podzitsimikizira: nambala za yankho zikaphatikizidwa zimapereka 9. Pa 54, 5 + 4 = 9; pa 63, 6 + 3 = 9. Mwana akanena kuti 9 × 6 ndi 56, aphatikize 5 ndi 6, adzigwira yekha.

Mukachotsa zonsezi, zotsala zofunika kuziloweza ndi mtima wonse n'zisanu n'chimodzi zokha: 6 × 6 = 36, 6 × 7 = 42, 6 × 8 = 48, 7 × 7 = 49, 7 × 8 = 56, 8 × 8 = 64. Zilembeni pa khoma. Yovutitsa kwambiri ndi 7 × 8; ilembeni chobwerera, 56 = 7 × 8, mwana aone kuti nambalazo zangondondozana: 5, 6, 7, 8.

Kuimba tebulo m'kalasi kuli ndi ubwino wake, koma kuli ndi msampha. Mwana amaloweza nyimbo, ndiye mukamufunsa 7 × 6 amayambira pa 7 × 1 kuti akafike. Muzimufunsa modumphadumpha, mphindi zisanu patsiku, podikira nsima kapena popita kuchigayo. Muzifunsanso chobwerera: "6 alowa kangati mu 42?" Funso limeneli ndi kugawa kale, ngakhale simunatchule dzina lake.

Kuchulukitsa ndi nambala imodzi

Titenge 347 × 6. Musanayambe njira yachidule, iphwanyeni 347 kukhala 300, 40 ndi 7. Ndiye 6 × 300 = 1,800; 6 × 40 = 240; 6 × 7 = 42. Kuphatikiza zonse, 2,082. Mwana achite samu zingapo mwa njira imeneyi kufikira itamukhazikika, chifukwa njira yachidule ndi yomweyi, kungoti yafinyidwa.

Tsopano lembani 347, ndipo 6 akhale pansi pa 7 ndendende, m'malo a mawani. Yambirani kumanja.

6 × 7 = 42. Lembani 2 pansi pa mawani, sungani 4 pamwamba pa mateni. 4 ameneyu ndi mateni anayi.

6 × 4 = 24, kuwonjezapo 4 wosungidwa uja, 28. Lembani 8, sungani 2 pamwamba pa mahandiredi.

6 × 3 = 18, kuwonjezapo 2, 20. Palibenso nambala ina kumanzere, ndiye lembani 20 yense. Yankho ndi 2,082.

Pali mayankho olakwika atatu amene amabwerabwera, ndipo lililonse limakuuzani pomwe pavuta. Mukaona 182442, mwana walemba 18, 24 ndi 42 moyandikana osasunga kanthu. Ameneyu mubwerere naye ku timapepala ta ndalama, asinthitse ta 1 khumi kukhala ka 10 kamodzi. Mukaona 4,282, waphatikiza chosungidwa asanachulukitse: watenga 4 + 4 n'kuchulukitsa ndi 6, kenako 3 + 4 n'kuchulukitsa ndi 6. Muuzeni kuti chosungidwacho chinachulukitsidwa kale, sichichulukitsidwa kachiwiri. Timayamba kuchulukitsa, kuwonjeza kumabwera pambuyo. Mukaona 1,842, wasunga koma waiwala kuwonjeza, kawirikawiri chifukwa anasungira m'mutu. Azilemba chosungidwa, kakang'ono, pamwamba pa malo ake.

Muyeseni ndi nambala yokhala ndi ziro pakati, monga 408 × 7. Apa 7 × 8 = 56, lembani 6, sungani 5. 7 × 0 = 0, kuwonjezapo 5, lembani 5. 7 × 4 = 28. Yankho ndi 2,856. Akapeza 2,926, ndiye kuti kwa iye 7 × 0 akadali 7. Tulutsaninso mbale zija.

Mateni ndi mahandiredi

Pochulukitsa ndi 10, nambala iliyonse imasunthira malo amodzi kumanzere, ndipo ziro amabwera kudzagwira malo a mawani amene atsala opanda mwini. 36 × 10 = 360. Ambiri timangoti "wonjezera ziro", ndipo pa nambala zathunthu zimathekadi, koma mwana wozolowera mawu amenewa akadzafika pa madesimo adzalemba kuti 2.5 × 10 = 2.50. Ndi bwino kumuzoloweza mawu oti "zasuntha".

Pa 250 × 40, ikani padera maziro awiri akumapeto, chulukitsani 25 × 4 = 100, kenako bwezeranipo maziro awiri aja: 10,000. Ana ambiri amalemba 1,000 kapena 100, poganiza kuti maziro a mu 100 ndi omwe aja anaikidwa padera. Ayi, amenewa abadwa pa 25 × 4, aja akudikirabe.

Kuchulukitsa ndi nambala ziwiri

Tiyerekeze kuti ngolo yatuta njerwa maulendo 34, ulendo uliwonse njerwa 286. Musanagwire pensulo, yerekezani: 286 ali pafupi ndi 300, 34 ali pafupi ndi 30, ndiye yankho likhala cha m'ma 9,000. Lembani nambala imeneyi pambali.

Maulendo 34 ndi maulendo 4 kuphatikiza maulendo 30. Samu yonse yagona pamenepa.

Mzere woyamba ndi wa maulendo 4. 4 × 6 = 24, lembani 4, sungani 2. 4 × 8 = 32, ndi 2 uja 34, lembani 4, sungani 3. 4 × 2 = 8, ndi 3 uja 11. Mzere woyamba ndi 1,144.

Musanapitirire, khwatchani zosungidwa za mzere woyamba. Zikasiyidwa, mwana amaziwonjezanso mumzere wachiwiri.

Mzere wachiwiri ndi wa maulendo 30, osati 3. Choncho yambani n'kulemba 0 pa mawani, kenako chulukitsani ndi 3. 3 × 6 = 18, lembani 8 pa mateni, sungani 1. 3 × 8 = 24, ndi 1 uja 25, lembani 5, sungani 2. 3 × 2 = 6, ndi 2 uja 8. Mzere wachiwiri ndi 8,580.

Phatikizani: 1,144 + 8,580 = 9,724. Ili pafupi ndi 9,000 tinayerekeza uja, ndiye tili m'njira.

Woiwala ziro wa mzere wachiwiri amaphatikiza 1,144 ndi 858 n'kupeza 2,002. Musamuuze msanga kuti walakwa. Mufunseni: maulendo 10 okha angakhale njerwa zingati? Ayankha 2,860. Nanga maulendo 34 angachepe bwanji kuposa maulendo 10? Wawerengera maulendo 7 okha, 4 ndi 3. Ena amaphunzitsa kungosiya malo opanda kanthu m'malo molemba ziro. Ife tikuti alembe ziro, chifukwa malo opanda kanthu amatsekeka mwana akamalemba mothamanga pa mayeso.

Mwana amene zosunga zikumusokonezabe, mujambulireni bokosi la mizere iwiri ndi zigawo zitatu. Pamwamba alembe 200, 80, 6. M'mbali 30 ndi 4. Mumzere wa 30 mulowa 6,000, 2,400 ndi 180. Mumzere wa 4 mulowa 800, 320 ndi 24. Aphatikize zisanu n'chimodzi zonsezo apeza 9,724 yomweyo. Njirayi imadya malo, koma palibe chobisika.

Ndi nambala zitatu, dongosolo silisintha: mzere wachitatu umayamba ndi maziro awiri. Pa 512 × 203, mzere wa mateni ndi maziro okhaokha, ndiye mukhoza kuulumpha, bola mzere wa 200 ukhale ndi maziro ake awiri: 1,536 + 102,400 = 103,936.

Pamsika ndi pamunda simukhala ndi kope nthawi zonse, ndiye dziwani njira za m'mutu. Matumba 37 a makilogalamu 50: chulukitsani ndi 100, 3,700, tengani theka, 1,850. Kuchulukitsa ndi 25 ndi kuchulukitsa ndi 100 n'kugawa kanayi: 48 × 25 = 4,800 ÷ 4 = 1,200. Katundu wa K1,950 mukagula zisanu n'chimodzi, werengani ngati ndi K2,000, zikhala K12,000, n'kuchotsapo ma K50 asanu n'amodzi, K300, mulipira K11,700.

Ilipo njira yakale yotsimikizira pogwiritsa ntchito 9. Phatikizani nambala za 286: 2 + 8 + 6 = 16, 1 + 6 = 7. Za 34: 7. Chulukitsani 7 × 7 = 49, 4 + 9 = 13, 1 + 3 = 4. Za yankho: 9 + 7 + 2 + 4 = 22, 2 + 2 = 4. Zagwirizana. Zikapanda kugwirizana, mwalakwitsa ndithu. Koma chenjerani: yankho lolakwika lija, 2,002, nalonso likupereka 4. Njirayi imagwira kulakwitsa kwa matebulo, siiona nambala yokhala pamalo olakwika. N'chifukwa chake kuyerekeza koyamba kuja sikulumphidwa.

Kugawa kuli pawiri

Mango 24 agawidwe kwa ana 6, aliyense alandira angati? Uku ndi kugawana. Mango 24 aunjikidwe m'milu ya 6, ituluka milu ingati? Uku ndi kupima milu. Samu ndi imodzi, 24 ÷ 6 = 4, koma mwana azichite zonse ziwiri ndi zitsekerero, chifukwa mafunso a mayeso amabwera m'njira ziwirizi, ndipo funso loti "alowamo kangati" ndi la mtundu wachiwiri.

Mosiyana ndi kuchulukitsa, apa simungatembenuze: 12 ÷ 4 si 4 ÷ 12. 0 ÷ 5 = 0, pakuti anthu asanu akagawana thumba lopanda kanthu aliyense apita chimanjamanja. Koma 5 ÷ 0 ilibe yankho, chifukwa palibe nambala imene mungaichulukitse ndi 0 n'kupeza 5.

Musaphunzitse mwana kusaka mawu amodzi m'funso. "Aliyense" amapezeka konsekonse: "Ana 8, aliyense walandira makope 4" ndi kuchulukitsa, pomwe "makope 32 kwa ana 8, aliyense alandira angati" ndi kugawa. Azidzifunsa kuti: chiwerengero cha zonse pamodzi ndapatsidwa kale, kapena ndi chimene akufuna? Ngati wapatsidwa kale, agawa.

Kugawa kwautali, ndi ndalama patebulo

Tengani timapepala tija. Ikani ta 100 tisanu n'tinayi, ta 10 tinayi, ta 1 tisanu n'titatu: 948. Anthu 4 agawane.

Yambani ndi zikuluzikulu, monga momwe anthu amachitira pogawana ndalama. Mahandiredi 9 kwa anthu 4: aliyense awiri, apita 8, watsala mmodzi. Wotsalayo sangang'ambidwe, ndiye timuphwanya kukhala mateni 10. Kuphatikiza ndi mateni 4 analipo kale, akwana 14. Aliyense atatu, apita 12, atsala 2. Tiphwanyanso: mawani 20 ndi 8 aja, 28. Aliyense 7, palibe chotsala. Aliyense walandira 237.

Mwana akachita zimenezi ndi manja kawiri katatu, mulembe naye pa kope, ndi masitepe anayi obwerezabwereza: gawa, chulukitsa, chotsera, tsitsa.

Gawa: 4 mu 9 alowamo kawiri. Lembani 2 pamwamba pa 9, osati paliponse. Chulukitsa: 2 × 4 = 8, lembani pansi pa 9. Chotsera: 9 − 8 = 1. Tsitsa: tsitsani 4 akhale pambali pa 1, apange 14. Kutsitsa kumeneku ndiko kuphwanya kuja. Munene choncho, kuti asakuone ngati matsenga. Bwerezani: 4 mu 14 katatu, 3 pamwamba pa 4, 12, watsala 2, tsitsani 8, 28. 4 mu 28 kasanu n'kawiri, 7 pamwamba pa 8, 28, ziro.

Pakati pa kuchotsera ndi kutsitsa payenera kukhala kuima pang'ono: kodi chotsalacho n'chochepera nambala yogawira? Ngati mukugawa ndi 4 ndipo kwatsala 4 kapena kuposa, ndiye kuti aliyense akanalandiranso. Fufutani, kwezani nambala ya pamwamba.

Tsopano tibwerere ku 824 ÷ 4. 4 mu 8 kawiri, palibe chotsala. Tsitsani 2. 4 mu 2 salowamo. Apa ndi pomwe ana amatsitsa 4 mwachangu osalemba kanthu. Lamulo nali: mukatsitsa nambala imodzi, pamwamba palembedwe nambala imodzi, ngakhale ikhale ziro, musanatsitse ina. Ndiye 0 pamwamba pa 2, kenako tsitsani 4, 24, kasanu n'kamodzi: 206. Ndi timapepala zimaoneka poyera: mateni awiri sakwanira anthu anayi, aliyense walandira mateni ziro. Muyeseni ndi 6,042 ÷ 6, imene yankho lake ndi 1,007, ndi 3,650 ÷ 5, imene ndi 730. Wofulumira amalemba 17 ndi 73. Chida chabwino ndi kuwerengeratu kuti yankho likhala ndi nambala zingati. Pa 3,650 ÷ 5, 5 salowa mu 3, ndiye tiyambira pa 36. Nambala yoyamba ikhala pamwamba pa 6, ndipo yankho liyenera kukhala ndi nambala zitatu. Aike timadontho titatu pamwamba asanayambe.

Kugawa ndi nambala ziwiri

Palibe amene analoweza tebulo la 34, ndiye lipangeni pambali musanayambe, pongowonjezawonjeza 34: 34, 68, 102, 136, 170, 204, 238, 272, 306. Onjezaninso kamodzi, mukapeza 340, tebulo lanu lili bwino. Mphindi imodzi imeneyi imapulumutsa kufufuta kwambiri.

Njerwa zija 9,724, ngolo ikunyamula mofanana maulendo 34. 34 mu 9 salowamo, tengani 97. Pa tebulo, wamkulu wosapitirira 97 ndi 68, kawiri. Lembani 2 pamwamba pa 7. 97 − 68 = 29. Tsitsani 2, 292. Wosapitirira ndi 272, kasanu n'katatu, watsala 20. Tsitsani 4, 204, kasanu n'kamodzi ndendende. Yankho 286, nambala yomwe tinayamba nayo. Musonyezeni mwana zimenezi: kugawa kumamasula chimene kuchulukitsa kunamanga, ndipo ndi mmene samu yogawa iliyonse imatsimikizidwira. Pakakhala chotsala, chulukitsani yankho ndi nambala yogawira, muwonjezepo chotsalacho. 4,350 ÷ 27 ndi 161 kutsala 3; 161 × 27 = 4,347, kuwonjeza 3, 4,350.

Kudziwiratu ngati nambala igawika popanda chotsala kumathandizanso. Yothera ndi 0, 2, 4, 6 kapena 8 imagawika ndi 2. Yothera ndi 0 kapena 5 imagawika ndi 5. Nambala zake zikaphatikizidwa n'kupereka chogawika ndi 3, yonseyo imagawika ndi 3, ndipo ndi chimodzimodzi pa 9. Pa 4, yang'anani nambala ziwiri zakumapeto zokha: 948 igawika chifukwa 48 imagawika.

Chotsala chimatanthauza chiyani

Samu ikhoza kukhala yolondola yankho n'kukhala lolakwika, chifukwa chotsala chimafuna nzeru za munthu. Anthu 130 akupita ku ukwati pa magalimoto onyamula anthu 16 iliyonse. 130 ÷ 16 ndi 8 kutsala 2. Awiriwo sangasiyidwe pamsewu, ndiye magalimoto ndi 9. Mazira 395 oikidwa m'mathireyi a 30 ndi 13 kutsala 5. Funso likakhala la mathireyi odzaza ogulitsa, yankho ndi 13. Chimanga cha makilogalamu 1,275 pa matumba a 50 ndi 25 kutsala 25: matumba odzaza ndi 25, koma ogula kuti chonse chilowe ndi 26.

Kakyuleta ya pafoni imasocheretsa ambiri pamenepa. Pa 130 ÷ 16 imalemba 8.125, ndipo ena amati kwatsala 125. Kuti mupeze chotsala chenicheni, tengani 8 yekha, chulukitsani ndi 16, 128, chotsani ku 130: 2.

Samu ya kumunda imaphatikiza zonse. Alangizi a zaulimi amalimbikitsa kuti mizere ya chimanga italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando, kabzalidwe kamene ambiri amakatcha Sasakawa. Hekitala yokhala mamita 100 mbali zonse ndi masentimita 10,000 mbali iliyonse. Sinthani kaye mamita akhale masentimita. Kugawa 100 ndi 75 ndiko kulakwitsa kofala. 10,000 ÷ 75 ndi mizere 133, kutsala masentimita 25 amene sakwana mzere wina. 10,000 ÷ 25 ndi mapando 400 pamzere. 133 × 400: 133 × 4 = 532, bwezerani maziro awiri, mapando 53,200. Munda wanu ukakhala wa mamita 40 ndi 60, njira ndi yomweyo: 6,000 ÷ 75 ndi mizere 80, 4,000 ÷ 25 ndi mapando 160, onse pamodzi 12,800.

Pogawana ndalama za banki m'khonde, ziro mmodzi wotayika amadanitsa anthu, ndiye pitani pang'onopang'ono. Tiyerekeze kuti m'bokosi muli K1,890,000, kuphatikizapo chiwongoladzanja, ndipo masheya a gulu lonse ndi 1,260. Osagawa ndi chiwerengero cha anthu, pakuti sanaponye mofanana. Gawani ndi masheya. Khwatchani ziro mmodzi uku ndi mmodzi uko, osaposa pamenepo, chifukwa 1,260 ali ndi ziro mmodzi yekha: 189,000 ÷ 126. 126 mu 189 kamodzi, kutsala 63. Tsitsani 0, 630, kasanu ndendende. Atsala maziro awiri oti atsitsidwe, ndipo aliyense alembetsa ziro wake pamwamba. Sheya imodzi ndi K1,500, osati K15 kapena K150. Mayi wa masheya 87 alandira 87 × 1,500: 87 × 15 = 1,305, ndi maziro awiri, K130,500. Mlembi awerengere aliyense chotero, alembe pa pepala limodzi, kenako aphatikize zonse ndalama zisanatuluke m'bokosi. Zikapanda kukwana K1,890,000 ndendende, pali mzere wolakwika, ndipo ufufuzidwe aliyense akadali pamphasa.